Kusintha ndege muli ndi ana ang'onoang'ono: zomwe zimakonda kusokonekera ndi kakonzedwe kake

Madandaulo ake ndi omweomwewo chaka ndi chaka. Ndege yachiwiri yatisiya, stroller (kangolo kokankhira mwana) sinatuluke, pa kauntala atibweza chifukwa cha pepala limodzi la mwana, atiyika mipando yotalikirana. Nde ndati ndingozisanja potsata chomwe mukuona kapena chomwe mukuopa, mupite pomwe pakukukhudzani. Pa vuto lililonse ndayamba ndi chomwe chimayambitsa kawirikawiri n'kumatsika mpaka cha apo ndi apo. Muona nokha kuti ambiri mwa mavutowa amayamba tsiku logula tikiti, muli pa foni kusaka yotchipa, pa bwalo la ndege pamangoonekera zotsatira zake.

## Ndege yachiwiri yakusiyani, kapena mumafika pa geti thukuta lili kamukamu

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe mabanja ambiri amalirira.

1. Nthawi yosinthira inali yochepa kuyambira pogula. Bwalo lililonse lili ndi nthawi yochepetsetsa yomwe amati munthu atha kutsika ndege ina n'kukwera ina, a ndege amaitcha Minimum Connection Time, ndipo kompyuta yogulitsa matikiti imangoona ngati nthawi yanu yakwana pamenepo basi. Mabwalo ena ndi mphindi 45, ena ola limodzi. Koma imeneyo ndi nthawi ya munthu wamkulu wa kachikwama kamodzi woyenda mwandawala. Simuli zoti inu mutuluka omaliza m'ndege chifukwa nsapato imodzi yalowa pansi pa mpando, mudikira stroller pakhomo la ndege, thewera ladzadza pomwe mumatera, ndipo wazaka zitatu uja wati chimbudzi pompanopompano pamene muli pakati pa mzere wa achitetezo.

Kuona kwanga, pa tikiti imodzi maola awiri ndi theka mpaka anayi ndiye abwino. Pansi pa maola awiri muli ndi ana ndi juga, olo webusaiti ikuuzeni kuti zitheka.

2. Munagula matikiti awiri osiyana, mwina osadziwa n'komwe. Mawebusaiti ena amalumikiza okha ndege za makampani osagwirizana kuti mtengo utsike, n'kulemba timalemba ting'onoting'ono kuti self-transfer. Kutanthauza kuti mukatera mudutse kwa a imigireshoni, mukatenge katundu yense, mukapangenso check-in yomwe kawirikawiri imatsekedwa ola limodzi ndege isananyamuke, mudutsenso kwa achitetezo. Ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri ilibe nazo ntchito, kwa iwo simunabwere basi, ndipo ngati tikiti yawoyo inali yopita ndi kubwerera, yobwererayo imafufutidwanso.

Chekani chonchi: aliyense ali ndi nambala ya e-ticket ya manambala 13. Ngati maulendo onse a munthu mmodzi ali pansi pa nambala imodzi, muli bwino. Ija ya zilembo zisanu ndi chimodzi, kodi ya booking, isakupusitseni, pena tikiti imodzi imakhala ndi makodi awiri ngati makampani ndi awiri. Mukakayika imbirani kampani mufunse funso limodzi: ndege yoyamba ikachedwa, muti mutikweze ina mwaulere?

3. Mumayang'ana nthawi yonyamuka osati yotseka geti. Geti limatsekedwa mphindi 15 mpaka 20 ndege isananyamuke. Chotsani zimenezo, muchotsenso nthawi yoti ndege yoyamba iime ndi kutsitsa anthu, makamaka ikaima kutali n'kukutengani pa basi, ola ndi theka lija latsala mphindi 45.

4. Terminal (nyumba yokwerera ndege) ina, kapenanso bwalo lina. Ku bwalo la Heathrow ku London kuli ma terminal 2, 3, 4 ndi 5 ndipo pakati pake pena mumayenda pa basi. Ku Dubai Emirates ili ku Terminal 3 pomwe ndege zambiri za flydubai zili ku Terminal 2, mbali ina ya bwalo. Zoopsa zenizeni ndi mzinda umodzi mabwalo awiri. Yang'anani zilembo zitatu zija pa tikiti, zoterera ndi zonyamukira zikhale zofanana. LHR ndi LGW zonse ndi London koma ndi mabwalo otalikirana, chimodzimodzi CDG ndi ORY ku Paris, IST ndi SAW ku Istanbul, JFK ndi EWR ku New York. Ndi ana, tikiti yotere ingoisiyani.

5. Mukudutsa ku United States. Kumeneko aliyense amadutsa kwa a imigireshoni pa bwalo loyamba kutera, ndipo pafupifupi nthawi zonse mumatenga katundu n'kumuperekanso, ngakhale tikiti ikhale imodzi. Maola atatu ndiye poyambira.

6. Mwasokoneza mawotchi. Nthawi zonse za pa tikiti ndi za dera lomwe bwalo lili. Mukaona +1 ndiye kuti mukufika tsiku lotsatira. Ndipo ndege ya 00:40 Lachisanu, ku bwalo mupite Lachinayi madzulo, ambiri amagwa nayo imeneyi.

Ngati mwaona muli m'mwamba kuti mwachedwa, auzeni ogwira ntchito m'ndege isanatere, pena amakusunthirani kutsogolo kapena kukuuzani geti. Mukatsika yang'anani pa sikilini chifukwa geti la pa boarding pass limasintha. Mukhale ndi dongosolo loti wina anyamula mwana wina zikwama, koma musapatukane mmodzi atatenga mapasipoti a onse.

Ikakusiyani ndithu ndipo tikiti ndi imodzi:
- pitani pa transfer desk (kauntala yothandiza osintha ndege) ya kampaniyo, musatuluke kunja kaye
- muli pa mzere, tsegulani app kapena imbani foni, mwina akusungitsirani kale ina
- nenani kuti muli ndi ana angati a zaka zingati, mupemphe mipando yoyandikana, chakudya, ndi hotelo ngati ndi zogona
- funsani katundu wanu ali pati ndipo akwera iti
- musagule tikiti ina nokha musanalankhule nawo, mutha kudzifufutira ulendo wotsala

Ngati ulendo unayambira m'dziko la EU (mgwirizano wa maiko a ku Ulaya), kapena mukupita ku EU pa kampani ya komweko, lamulo lawo la nambala 261 la 2004 limati mukafika komaliza mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa pali chipukuta misozi cha 250, 400 kapena mpaka 600 euro kutengera kutalika kwa ulendo, pokhapokha ngati chochedwetsacho chinali chosapeweka monga nyengo yoipa. Sungani ma boarding pass ndi malisiti.

## Pa check-in akuti simukwera

Wa pa kauntala sakukuzondani ayi. Akuwerenga pa kompyuta, makampani ambiri amagwiritsa ntchito Timatic, nkhokwe ya malamulo a mapasipoti ndi viza ya bungwe la makampani a ndege la IATA, ndipo akakukwezani mulibe mapepala kampani yawo ndi yomwe imalipitsidwa faindi. Kukangana naye sikusintha zomwe zalembedwa pamenepo. Zomwezo mutha kudzionera nokha pa IATA Travel Centre musanagule, mulowetse dziko la pasipoti ya mwana aliyense ndi dziko lomwe mukudutsamo, osati lomwe mukupita lokha.

1. Viza yodutsira. Anthu amati paja sitituluka pa bwalo. Zimatengera pasipoti yanu ndi dziko. United States ilibe zongodutsa, aliyense mpaka khanda la miyezi iwiri lifunika viza kapena ESTA, chilolezo cha pa intaneti cha nzika za maiko ena. UK imafuna Direct Airside Transit Visa kwa nzika za maiko ena olo musatuluke, Canada nayo ili ndi viza yodutsira. Ya Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya a viza imodzi, ndiye imakola ambiri: mukasintha kamodzi, mwachitsanzo ku Frankfurt kokha, mapasipoti ambiri amadutsa opanda viza, koma mukasintha kawiri, Frankfurt kenako Paris, ndege ya pakatiyo ndi yam'kati mwa Schengen ndiye muyenera kulowa ndithu, viza yonse ifunika. Ndipo matikiti awiri osiyana aja akubweranso pano, kukatenga katundu ndi kulowa m'dziko.

2. Pasipoti ya mwana yatsala pang'ono kutha. Maiko angapo monga UK ndi United States pasipoti ya mwana wosakwana zaka 16 imakhala ya zaka 5 zokha pomwe ya wamkulu ndi 10, nde makolo amaona zawo n'kuiwala ya mwana. Maiko ambiri amafuna ikhale ndi miyezi 6 yotsala, Schengen miyezi 3 kuchokera tsiku lotuluka. Onaninso masamba opanda chidindo.

3. Mwana akuyenda ndi kholo limodzi, agogo kapena azakhali. Tengani satifiketi ya kubadwa yolembedwa maina a makolo, kalata ya chilolezo ya kholo lotsalalo yosainidwa pamaso pa loya kapena wovomerezeka kulumbiritsa, ndi kope ya pasipoti kapena chiphaso chake. Ngati kholo linalo linamwalira, satifiketi ya imfa, ngati khoti linakupatsani mwana, chikalata cha khoti. Dzina la bambo pa pasipoti ya mwana likasiyana ndi lanu mafunso amachuluka. Malamulo awa amasinthasintha, South Africa inakhwimitsa mu 2015 n'kufewetsa mu 2019 kwa ana akunja oyenda ndi makolo awo, choncho zomwe anakuuzani mnzanu yemwe anayenda zaka zapitazo musadalire. Ine ndimati nyamulani olo asakufunseni, ndi mapepala ochepa chabe.

4. Khadi la katemera wa yellow fever. Maiko ambiri amalifuna ngati mwachokera dziko lomwe kuli nthendayi, ndipo kukhala pa bwalo la dziko lotero maola opitirira 12 amakuwerengerani ngati mwachokerako. Kenya ndi Ethiopia zili pa mndandanda wa maiko otere wa bungwe la zaumoyo la WHO, ndiye kugona ku Nairobi kapena Addis Ababa kenako n'kupita ku Johannesburg, khadi lifunika kwa aliyense woposa chaka chimodzi. Katemerayu amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10, ndipo kuyambira 2016 khadi ndi la moyo wonse. Amabaya kuyambira miyezi 9, wosakwana miyezi 6 sabayidwa konse.

5. Khanda silili pa tikiti, kapena lakwanitsa zaka 2 muli pa ulendo. Mwana wapamiyendo pa maulendo akunja amakhala ndi tikiti yakeyake, kawirikawiri 10 peresenti ya mtengo wa wamkulu kuphatikiza misonkho. Onani kuti ali ndi nambala yake ya e-ticket ndipo ndege zonse zilipo, chifukwa pena ejenti amamuika pa kampani yoyamba yokha. Akakwanitsa zaka 2 musanabwerere, pobwerera afunika mpando wake. Wamkulu mmodzi amaloledwa khanda limodzi pamiyendo, mapasa muli nokha ndiye mmodzi agulidwe mpando ndi car seat yovomerezeka m'ndege.

6. Dzina lalembedwa molakwika. Likhale ndendende ngati la pa pasipoti. Konzetsani tsiku lomwe mwaona, pa bwalo zimavuta kwambiri makampani akakhala awiri.

## Stroller sinatuluke posinthira, kapena katundu sanafike

1. Anaiika tagi yopita komaliza. Ichi ndiye chofala. Mwaipereka pakhomo la ndege poganiza kuti muilandira pakhomo pomwepo mukatera, koma mabwalo ambiri salola, imapita ndi masutikesi. Popereka funsani kuti muilandira pati, ndipo werengani tagi nokha.
2. Yatulukira kwina. Komaliza, ma stroller ndi ma car seat nthawi zambiri amatulukira pa malo a katundu wamkulu, osati pa lamba wa masutikesi. Funsani musanayambe kulemba madandaulo.
3. Inu munathamanga n'kukwera, katundu sanathe. Nthawi yochepa ija imavutitsanso onyamula katundu.
4. Matikiti awiri, katundu akukudikirani pa lamba wa bwalo lapakati.

Njira yosavuta ndi kusadalira stroller posinthira. Mbeleko kapena choberekera cha malamba chikhale m'chikwama cham'manja, manja onse awiri amamasuka ndipo masitepe a ndege zoima kutali simuvutika nawo. Mabwalo ena monga Dubai, Doha ndi Singapore amabwereketsa ma stroller aulere, koma mutha kupeza atha. Alipo ma stroller ena opindika olowa m'kabati ya m'ndege, funsani kampani za muyeso musanagule.

Chikwama cham'manja muchilongedze ngati sutikesi ifika mawa: matewera ndi mkaka wa tsiku lina lathunthu pamwamba pa ulendo, zovala ziwiri za mwana aliyense, malaya amodzi anu chifukwa masanzi sasankha, mankhwala onse, chaja ndi pawa banki yomwe paja siloledwa m'sutikesi.

Katundu akapanda kufika lembetsani fomu ya katundu wosowa yotchedwa PIR musanatuluke m'chipinda cha katundu, musunge nambala yake ndi timatagi tija anamata pa boarding pass. Pangano la Montreal la 1999, la maiko pa za maulendo a ndege, limapereka masiku 7 odandaulira molemba ngati katundu wawonongeka, ndi masiku 21 ngati anachedwa kuchokera tsiku lomwe mwamulandira. Zomwe mwagula podikira sungani malisiti.

## Mipando yabalalika, kabedi ka khanda palibe, chakudya cha mwana sichinabwere

Pa ndege yoyamba zonse zili bwino, yachiwiri mwana wazaka zinayi ali mzere 41 inu 23. Zifukwa:

1. Ndege yachiwiri ndi ya kampani ina. Pa tikiti pali mawu oti operated by, dzina lotsatira pamenepo ndiye eni ndege, ndipo zomwe munapempha kwa kampani yogulitsa sizifika kwa iwo nthawi zonse. Tengani kodi yawo, lowani pa webusaiti yawo, musankhe mipando komweko.
2. Simunasankhe mipando chifukwa ndi yolipira, ndipo check-in mwapanga mochedwa. Pangani ikangotsegulidwa, kwa ambiri ndi maola 24 mpaka 48 ndege isananyamuke.
3. Asintha mtundu wa ndege kapena akusunthirani pa ina, mipando yonse yasokonekera. Muzichekanso sabata yomaliza ndi dzulo lake.
4. Malamulo a chitetezo. Ana sakhala pa mzere wa khomo la ngozi, ndipo makanda apamiyendo pa mzere umodzi amawerengedwa malinga ndi zopumira mpweya zomwe zilipo, nde makolo awiri a makanda awiri atha kulekanitsidwa dala.

Kabedi kaja kopachika pa khoma, bassinet, ndi kochepa m'ndege ndipo kupempha si kupatsidwa. Imbani foni mukangogula, pa ndege iliyonse payokha. Kali ndi malire a kulemera, ambiri ndi cha m'ma 10 kapena 11 kilogalamu, ndipo makampani ambiri amati nyali ya malamba ikayaka mwana atulukemo, olo wangogona kumene. Chakudya cha mwana, pa tikiti amalemba CHML kapena BBML cha makanda, chimapemphedwa maola 24 kapena 48 ulendo usanafike, ndipo akakusunthirani pa ndege ina sichikutsatani. Nyamulani chomwe mwana amadya kale.

Mukapezeka pa geti mipando ili yobalalika, wuzani wa pa geti anthu asanayambe kukwera, iye ndiye amatha kusuntha anthu pa kompyuta. Kupempha okwera anzanu m'ndege kukhale komaliza.

## Achitetezo a bwalo lapakati akulandani zakumwa

Ambiri sadziwa kuti posinthira mumasechedwanso. Lamulo loti botolo la zamadzi lisapose 100 ml likadalipo pa mabwalo ambiri, ena anafewetsa atagula makina atsopano koma musawerengere zimenezo chifukwa bwalo lotsatira litha kukhala la kale.

- Madzi kapena juwisi wogula pa bwalo loyamba kapena wotsala m'ndege ndi amene amalandidwa kwambiri. Nyamulani botolo lopanda kanthu mudzaze mukadutsa.
- Mkaka wa mwana, madzi osungunulira mkaka ndi chakudya cha makanda zimaloledwa kuposa 100 ml mwana ali pomwepo, bola zikhale zokwanira ulendo. Zikhale m'kathumba kamodzi, mutulutse nokha n'kuwauza asanafunse, aziyeza mwapadera ndipo zimadya mphindi zingapo.
- Mankhwala amadzi akhale m'botolo lake lolembedwa, ndi kalata ya dokotala ngati ndi ambiri.
- Zogula m'masitolo a duty free a pa bwalo zikhale m'thumba lomata lija ndi lisiti mkati, osatsegula.

Kanthu kena kapambali: zipatso zotsala m'kachikwama ka mwana. Australia, New Zealand ndi United States salola kulowa nazo osanena, ku New Zealand apulo mmodzi woiwalika ndi faindi ya pomwepo. Secheni zikwama za ana musanatsike.

## Mwana akulira kwambiri ndege ikamatsika

1. Makutu. Mpweya wa m'ndege uli m'mwamba umafanana ndi wa pa phiri la mamita 1,800 mpaka 2,400, ndipo potsika umasintha msanga pomwe kanjira kochokera kukhutu kupita kukhosi mwa ana ndi kakang'ono. Kumeza kumatsegula. Yamwitsani, mpatseni botolo kapena chakumwa chokoka ndi kapaipi (straw), wamkulupo atafune kanthu. Kutsika kumayamba pafupifupi theka la ola musanatere, ndiye musamukhutitse kale, ndipo ngati wagona mudzutseni pang'ono. Kumbukirani kuti ulendo wosintha ndege ndi kutsika kawiri kapena katatu, n'chifukwa chake kusintha kamodzi kumaposa kawiri olo mtengo ukwereko.
2. Chimfine. Mphuno zikatsekeka makutu amawawa kwambiri. Madontho a madzi a mchere a m'mphuno amathandizako.
3. Njala, ludzu, kutopa. Mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri, azimwa pafupipafupi. Madzi a pa mpopi wa m'chimbudzi cha ndege musasungunulire mkaka, pemphani a m'botolo.
4. Thewera, kutentha chifukwa cha zovala zambiri, lamba womuthina.

Za mankhwala ogonetsa, chonde ayi. Ana ena m'malo mogona amabalalika kuposa kale, ndipo promethazine ndi woletsedwa kwa ana osakwana zaka 2 chifukwa amatha kufooketsa kapumidwe.

## Kudikira kwatalika, ana afika potopetsa

Uku ndi kulakwitsa kwa mbali inayo, pothawa ola limodzi mwagula ya maola 11 usiku. Kawirikawiri chimavuta ndi choti mwawakhazika pa geti nthawi yonseyo. Pezani kaye geti mudziwe mtunda wake, kenako muchokepo, ayende, athamange, mabwalo akuluakulu ambiri ali ndi malo osewerera ndi zipinda zoyamwitsira. Makatuni a pa tabuleti asungireni m'ndege momwe sangayende, ndipo muwadawunilode kunyumba. Ikani alamu pa foni mutaisintha kukhala nthawi ya pamalopo.

Ngati ndi zogona, Ethiopian Airlines, Emirates, Qatar Airways ndi Turkish Airlines ali ndi madongosolo a hotelo kwa odikira nthawi yaitali, koma ali ndi zoyenereza zake, monga kuti panalibe ndege ina yofulumira, ndipo ena amafuna musungitsiretu. Hotelo ya kunja kwa bwalo ndi kulowa m'dziko, ndiye funso la viza ndi la maola 12 a yellow fever libwererenso. Mabwalo ena ali ndi hotelo mkati momwemo yolipira pa maola.

Zokwera oyamba chifukwa muli ndi ana, ngati muli akulu awiri bola mmodzi atsogole ndi zikwama, wina atsale ndi ana azisewera mpaka kumapeto. Theka la ola lowonjezera atamangidwa pa mpando silithandiza aliyense.

## Apa lekani kudzikonzera nokha

Dokotala, musananyamuke:
- khanda losakwana masiku 7, lobadwa masiku asanakwane, kapena la vuto la mtima kapena mapapo, makampani ambiri amafunanso kalata
- khutu likuwawa kapena kutuluka mafinya
- zidzolo kapena matuza, katsabola ndi chikuku atha kukukanizani pa geti
- katemera ndi mankhwala opewera malungo, pitani patatsala milungu 4 mpaka 6

Chipatala cha pa bwalo kapena ogwira ntchito m'ndege, pompo, ndipo ndege yotsatira musakwere asanamuone:
- khanda losakwana miyezi 3 latentha thupi kufika madigiri 38
- akubanika, milomo yasintha mtundu, wakomoka, kapena sakudzuka bwino
- akusanza chilichonse kapena kutsegula m'mimba, matewera ouma kwa maola ambiri, kulira kopanda misozi, liwombo lalowa

Ndege ya maola 10 ilibe chipatala. Tikiti imasinthika, pitani pa transfer desk ndi kalata ya adokotala a pa bwalo, muimbirenso a inshuwalansi ya ulendo musanalipire chilichonse chachikulu.

Kampani ya ndege kapena ejenti wodziwa ntchito: akasintha nthawi ya ndege imodzi ndipo nthawi yosinthira yachepa, musadine batani lovomera, imbani mupemphe ina, kusinthako kukachokera kwa iwo nthawi zambiri simulipira. Chimodzimodzi ngati mukufuna kudumpha ndege imodzi ya pakati, funsani kaye.

Ofesi ya kazembe: funso lililonse la viza lomwe mayankho akusiyana, ndi pasipoti ikatayika muli pakati pa ulendo. Loya: ngati kholo linalo likukana kusaina kapena nkhani ya mwana ili ku khoti, musayesere kungodutsa, maiko ambiri amaitenga ngati kuba mwana.

Mwana akasowa pa bwalo musayambe mwazungulira nokha, wuzani wa yunifolomu woyamba kumuona nthawi yomweyo, iwo ali ndi makamera ndi mawayilesi. Mujambuleni chithunzi m'mawa wa ulendo atavala zomwe wavalazo, ndipo m'thumba mwake mukhale kapepala ka dzina lanu, nambala ya foni yoyamba ndi kodi ya dziko, ndi nambala ya ndege yotsatira.